Kanjedza wa ku Torquay si kanjedza

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, mnzathu wa kumudzi, amene akugwira ntchito yosamalira okalamba ku Torquay, kum'mwera chakumadzulo kwa England. Ndangochotsa malonje okha, mawu ake ndi awa:

"Kuno kumazizira mpaka mano kuguguda, koma m'mbali mwa nyanja muli mitengo yonga kanjedza ndandanda, ndipo eni dera amaitchula ndi dzina la dera lawo ngati ndi yakwawo. Ine ndinakulira ku Chikwawa pakati pa migwalangwa, ndimadziwa kuti mitengo yotere imafuna kotentha. Kodi kunonso imamera yokha? Nanga kwawo kwenikweni n'kuti pa dziko lapansi?"

Zikomo mayi, ndipo pepani ndi kuzizirako. Funso lanu loyamba yankho lake ndi lalifupi: ayi. Ku Britain konse kulibe mtengo wa banja la akanjedza ngakhale umodzi umene unamera wokha. Yonse imene mukuiona inachita kubwera ndi anthu. Komanso yambiri mwa imene ili ndandanda m'mbali mwa nyanjayo si akanjedza n'komwe. Umene amaupatsa dzina la Torbay uja, dera limene muli Torquay, akatswiri amati Cordyline australis, kwawo ndi ku New Zealand, ndipo ubale wake uli pafupi ndi khonje kusiyana ndi mgwalangwa. Umapirira kumeneko chifukwa madzi ofunda ochokera mbali ya Gulf of Mexico amayenda m'nyanja ya Atlantic mpaka kudzafunditsa gombe limenelo, choncho chisanu cha ku Torquay sichiluma ngati cha m'kati mwa dziko.

Ndisanapitirire ndivomereze kuti chilankhulo chathu chikundivutitsa pang'ono. Ife tilibe dzina limodzi la mitengo yonseyi. Tili ndi kanjedza, mgwalangwa, mvumo, chiwale, uliwonse ndi dzina lake ndi ntchito yake, ndipo munthu wa ku Chikwawa mukamuuza kuti mvumo ndi mgwalangwa n'chimodzimodzi akhoza kukusekani. Akatswiri a zomera amaiika yonse m'banja limodzi lotchedwa Arecaceae, la mitundu pafupifupi 2,600. Ine ndiziti "akanjedza" potanthauza banja lonselo, mundikhululukire.

Zimene munaona ku Chikwawa zikukwanira kufotokoza chifukwa chake banjali limaopa chisanu. Mtengo wa mango mukaudula nsonga umaphuka nthambi zina m'mbali. Mgwalangwa si choncho. Thunthu lililonse limakulira pamalo amodzi okha, pa mtima wofewa umene uli pansonga, pamene masamba atsopano amatulukira. Ogoma uchema amadziwa bwino zimenezi: akasenda pansonga mopitirira muyeso, thunthu limenelo limauma, ngakhale kuti patsinde pakhoza kuphuka ena. Chisanu choundanitsa madzi chimachita zomwezo. Chikapha mtima uja, mtengo ulibe pena pokulira. N'chifukwa chake mukatenga mapu a dziko lonse n'kuika kadontho paliponse pamene akanjedza amamera okha, madontho amathithikana mozungulira mzere wa ikweta, n'kumachepa mukamapita kumpoto kapena kum'mwera, mpaka kutheratu.

Malire ake ndi odabwitsa chifukwa amafanana mbali zonse ziwiri. Kumpoto amathera cha pa madigiri 44 kuchokera pa mzere wa ikweta, kugombe la nyanja ya Mediterranean cha ku France ndi Italy, kumene kuli kamtengo kakafupi kotchedwa Chamaerops humilis. Kum'mwera amatheranso cha pa madigiri 44, pa zilumba za Chatham za ku New Zealand, kumene kuli wina wotchedwa nikau. Torquay ili kupitirira madigiri 50 kumpoto, ndiye kuti muli kunja kwa malire. Ulaya yense ali ndi mitundu iwiri yokha yachilengedwe pa mtunda ndi m'zilumba za Mediterranean: Chamaerops uja, amene wafala kum'mwera kwa Spain ndi ku Sicily, ndi Phoenix theophrasti wa pa chilumba cha Crete.

Tsono kumene achulukitsitsa n'kuti? Ndi m'nkhalango zamvula za malo awiri. Oyamba ndi South America, makamaka Colombia ndi Brazil, kumene dziko lililonse lili ndi mitundu yoposa 200. Achiwiri ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, pa zilumba ngati Borneo ndi New Guinea. Borneo yokha ili ndi mitundu pafupifupi 300. Ndipo ambiri mwa iwo simungawazindikire. Ena ndi aafupi osafika m'chiuno, obisala mumthunzi wa mitengo ikuluikulu. Ena alibe thunthu looneka, monga nipa amene amamera m'matope a madzi amchere kumathiriro a mitsinje. Ena ndi zilambe zaminga zokwera mitengo ina, ndipo ndi amene amalukira mipando ya rattan yogulitsidwa m'masitolo a ku Ulaya. Kanjedza wamtali wowerama pamchenga, wa pa zithunzi zoitanira alendo uja, ndi m'modzi chabe pa khamu lonseli.

Apa pali nkhani imene inandipweteka pang'ono nditaidziwa. Ndinkaganiza kuti Africa, ndi kutentha kwake konse, ndiye mwini wake wa mitengoyi. Si choncho. Africa yense, kuchotsapo zilumba, mitundu yake sifika 70. Madagascar yokha, chilumba chimodzi kutsidya kwa Mozambique, ili ndi yoposa 200, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Mu 2008 akatswiri analengeza za mtundu wina watsopano wa kumeneko, Tahina spectabilis, chimtengo chachikulu chimene chimachita maluwa kamodzi kokha m'moyo wake, kenako n'kufa. Ofufuza ambiri amati chimene chinasaukitsa Africa ndi kuuma. Kwa zaka mamiliyoni ambiri nyengo inkasinthasintha, nkhalango zamvula zinkafota mobwerezabwereza, ndipo mitundu yofuna chinyezi inatha. Imene inatsala yambiri ndi yolimba mtima, yomwazika dera lalikulu. Kanjedza wathu, Phoenix reclinata, mumupeza kuyambira ku Senegal mpaka ku Eastern Cape ku South Africa. Mvumo, ndi mimba yake yotupa pakati pa thunthu, uli ku West Africa ndiponso m'mphepete mwa Shire ku Liwonde, kumene njovu zimadya zipatso zake n'kukataya mbewu kutali pamodzi ndi ndowe.

Pa kuchuluka tagonja, koma tili nacho chodzitamira. Chiwale chimene timapangira zitseko ndi makwerero ndi cha gulu la Raphia, ndipo m'bale wake wa ku Central Africa, Raphia regalis, ali ndi tsamba lalitali kuposa chomera chilichonse pa dziko, lofika mamita 25.

Munati mitengoyi imafuna kotentha. Ndikugwirizana nanu, koma ndikonzeko pang'ono: imafuna kopanda chisanu choundana, ndipo imafuna madzi. Kutentha kokha si nkhani. Kanjedza wamtali kuposa onse, Ceroxylon quindiuense wa ku Colombia, amene amafika mamita 60, amamera m'mapiri a Andes pamtunda wa mamita 2,000 mpaka 3,000, m'nkhungu ndi kuzizira. Yerekezani ndi Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, imene ili pa mamita 3,002. Munthu wopita ku chigwa cha Cocora kukaona mitengoyi amavala juzi. Koma poti malowo ali pafupi ndi ikweta, kulibe miyezi ya chipale ngati ya ku England, kuzizira kwake n'kofanana chaka chonse.

Za m'chipululu nazo zimanamiza maso. Mtengo wa tende, zipatso zimene abale athu Achisilamu amafutulira m'mwezi wa Ramadan, anthu amauona pazithunzi uli pakati pa mchenga n'kumati sufuna madzi. Umafuna ambiri zedi, kungoti umamwa apansi. Alimi Achiarabu amati mtengowu mapazi ake akhale m'madzi, mutu pamoto. Kwawo ndi ku Middle East, cha ku Iraq ndi Arabia, koma anthu aulima kwa zaka zikwi zambiri moti umene mungaupeze lero ndi wobzalidwa kapena mbadwa ya wobzalidwa. Umenewu ndi uja wa m'Baibulo, umene unapatsa Yeriko dzina loti mzinda wa akanjedza. Amene anamasulira Baibulo m'Chichewa anasankha bwino dzina, chifukwa mtengo wa tende ndi kanjedza wathu ndi pachibale chenicheni, onse ndi a gulu la Phoenix. Masamba amene timanyamula pa Lamulungu la Kanjedza sali kutali ndi amene anthu ananyamula ku Yerusalemu.

Tibwerere ku funso lanu lenileni, loti kwawo n'kuti, chifukwa apa ndi pamene anthu tasokoneza mapu. Malo ambiri otchuka ndi akanjedza ndi obwereka. Misewu ya ku Los Angeles, ya m'mafilimu ija, mitengo yake yaitali yowonda ndi Washingtonia robusta wa kumpoto chakumadzulo kwa Mexico, ndipo yambirimbiri inabzalidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. California ili ndi mtundu umodzi wokha wakewake, Washingtonia filifera, ndipo umakhala pa akasupe a m'chipululu, osati m'tauni.

Kokonati ndiye wovuta kwambiri. Chipatso chake chimayandama ndipo chikhoza kuyenda panyanja kwa milungu n'kukamera pagombe lina, komanso amalinyero ankachinyamula ngati chakudya ndi madzi a paulendo. Kwawo ndi mbali ya nyanja za Indian ndi Pacific. Ku zilumba za Caribbean, kumene lero anthu amaona ngati ndi kwawo, anafika ndi zombo za Apwitikizi ndi Asipanishi chaka cha 1500 chitadutsa. Amene mumawaona m'mbali mwa nyanja ya Malawi nawonso ndi obzalidwa, mbewu yake inachokera kugombe la Indian Ocean.

Pali wina amene anakana kuyenda. Coco de mer ali ndi mbewu yaikulu kuposa chomera china chilichonse, yolemera ngati ndowa ya madzi, ndipo amamera yekha pa zilumba ziwiri zokha za Seychelles, Praslin ndi Curieuse. Mbewu yamoyo imamira, siyandama. Zimene zinkayandama ndi zikamba zowola kale m'kati, ndipo zinkakocheza ku Maldives. Anthu a kumeneko ankazitola osadziwa mtengo wake, ena n'kumati umamera pansi pa nyanja. Mpaka lero dzina lake la akatswiri, Lodoicea maldivica, limatchula dziko limene mtengowu sunamerepo.

Koma ulendo umene umandiganizitsa kwambiri ndi wa kanjedza wa mafuta, Elaeis guineensis. Uyu ndi wa ku Africa, wa m'nkhalango za West ndi Central Africa, ndipo amafika mpaka kumpoto kwa nyanja ya Malawi, kumene a ku Karonga amayenga mafuta ofiira a mawese. Mu 1848 Adatchi anabzala mbande zinayi zokha m'munda wa zomera wa ku Bogor, pa chilumba cha Java. Lero Indonesia ndi Malaysia amapanga mafuta oposa magawo 80 pa 100 alionse a mtengowu pa dziko lonse, ndipo mayiko a mu Africa amawagula kuchokera komweko. Minda yakeyo yambiri inatsegulidwa pogwetsa nkhalango za ku Borneo ndi Sumatra, zomwe zija ndati ndizo zolemera ndi akanjedza achilengedwe. Mlendo m'modzi wochokera kwathu akupitikitsa eni mudzi mazanamazana. Mukatenga paketi ya bisiketi m'sitolo ku Torquay n'kuwerenga kumbuyo, nthawi zambiri mumupezamo.

Ndisanaiwale, kanjedza weniweni aliko ndithu kumeneko, ngakhale ndi mlendo. Dzina lake ndi Trachycarpus fortunei, wa kumapiri a ku China, ndipo anatchulidwa dzina la Robert Fortune, wa ku Scotland, amene anatumiza mbande zake ku England m'zaka za m'ma 1840. Amapirira chisanu kuposa akanjedza ambiri a thunthu lalitali. Kum'mwera kwa Switzerland, m'dera la Ticino, wathawa m'minda ya maluwa n'kuyamba kumera yekha m'nkhalango, mbalame zikumwaza mbewu, mpaka boma la kumeneko likumuwerengera m'gulu la zomera zolowerera.

Tsiku limene mudzapume ntchito, pitani kunyanjako mukayang'anitsitse. Mukaona mtengo wa nthambi zingapo, nthambi iliyonse ili ndi chisumbu cha masamba aatali osagawikana ngati malupanga, umenewo ndi Cordyline wa ku New Zealand. Mukaona thunthu limodzi lokutidwa ndi ulusi wakuda ngati chiguduli, masamba ake otambasuka ngati chikhatho, mofanana ndi mlaza umene mumalukira mikeka ndi madengu kwanu, ameneyo ndi wa ku China uja, m'bale wake wa mgwalangwa. Ndipo ngati mudzapeze tchuthi chopita ku Crete, kum'mawa kwa chilumbacho kuli gombe lotchedwa Vai, kumene kuli nkhalango ya akanjedza omera okha mpaka kufika pamchenga. Amaphukira patsinde m'magulumagulu, ali ndi minga kumayambiriro kwa tsamba, ndendende kanjedza wa m'madambo a kwathu. Mukafika mutijambulireko.