Mafunso pa Chichewa: mphamvu ya zinki ndi ya mkuwa tiinene bwanji?

Aphunzitsi a Chemistry a pa sekondale ina yoyendera ku Santhe, m'boma la Kasungu, alemba motere: "Pophunzitsa activity series ndimathirako Chichewa kuti ana amve. Ndinawauza kuti zinki ndi wamphamvu kuposa mkuwa, onse anavomera. Nditafunsa kuti pakati pa ayoni ya zinki ndi ya mkuwa, oxidizing agent wamphamvu ndi uti, kalasi yonse inati zinki. Kodi Chichewa chingathe kunena zimenezi bwinobwino?"

Chingathe, aphunzitsi. Anawo anamva ndendende zimene munanena. Mukati "wamphamvu" n'kulekera pomwepo, Mchewa amamva kuti ndi wamphamvu pa chilichonse. Mawuwa amafuna kuwamaliza: mphamvu yochita chiyani? Zinki ali ndi mphamvu yotaya maelekitironi, tizidutswa ting'onoting'ono ta mu atomu. Ayoni ya mkuwa ili ndi mphamvu yolanda maelekitironi. Ndi ntchito ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi mneni wake.

Mndandanda wanu uja wa activity series, wosanja zitsulo potengera changu chake potaya maelekitironi, kuchokera pamwamba, ndi potaziyamu, sodiyamu, kashiyamu, magineziyamu, aluminiyamu, zinki, chitsulo, mtovu, mkuwa, siliva ndi golide. Za pamwamba zimataya maelekitironi msanga, n'chifukwa chake potaziyamu amamusunga m'mafuta poopa kuti angakhudze madzi n'kuyaka. Za pansi zimaumira, moti golide amakhala m'nthaka zaka mazanamazana osasintha. Atomu ikataya maelekitironi imasanduka ayoni, ndipo apa mpamene mndandanda umatembenuka. Munthu amene wataya chinthu mosadandaula sachilondola, koma amene achita kumukanganula ndiye amachifuna usana ndi usiku. Ayoni ya zinki siifunitsitsa maelekitironi ake. Ya mkuwa imawafuna, ya siliva ndiye kwambiri. Choncho potaya timawerenga kuchokera pamwamba, polanda timawerenga kuchokera pansi.

Anawo aone ndi maso. Palani msomali mpaka uwale, muuviike m'madzi a copper sulphate. Posakhalitsa msomali uvala mkuwa wofiirira, ndipo mtundu wa madziwo uyamba kuzilala. Chachitika n'chakuti ayoni ya mkuwa yalanda maelekitironi awiri kwa chitsulo: Fe + Cu²⁺ → Fe²⁺ + Cu. Mukaviika waya wa mkuwa m'madzi a iron sulphate, mudikira mpaka belu lowerukira osaona kanthu, chifukwa ayoni ya chitsulo ilibe mphamvu yolanda kwa mkuwa. Waya womwewo m'madzi a silver nitrate umamera siliva wonyezimira. Samalani ndi mitundu pofotokoza. Ambiri amati "obiriwira" pa mtundu wa msipu ndi wa thambo womwe, pamene apa kusintha kwenikweni n'kochoka pa wina kupita pa winawo. Nenani kuti madzi a copper sulphate aja anali abuluu, asanduka obiriwira pang'ono ngati msipu.

Tsopano pamene Chichewa chimandikondweretsa. Wophunzira amasokonezeka akamva kuti oxidizing agent ndiye amalandira maelekitironi, pamene oxidation ndi kutaya. Koma mwana aliyense wa ku Santhe amadziwa kale kuti wogwetsa si amene wagwa, ndiponso wodyetsa si amene wadya. Mneni wochititsa tili naye m'kamwa kuyambira tili aang'ono. Kutaya ndi oxidation. Kutayitsa ndi ntchito ya oxidizing agent. Chotayitsa chimachititsa chinzake kutaya, ndipo zotayidwazo zimagwera m'manja mwake. Mukatero, funso lanu lija limamveka chonchi: "Pakati pa ayoni ya zinki ndi ayoni ya mkuwa, ndi iti imatayitsa kwambiri?" Sindikuganiza kuti kalasi idzayankhanso kuti zinki.

Poyerekeza, ine ndimasankha "kulanda" m'malo mwa "kulandira", chifukwa wolandira amangotambasula manja, pamene wolanda amagwiritsa ntchito mphamvu, ndipo mphamvuyo ndi imene tikuyeza. Chiganizo chizikhala chathunthu: "Ayoni ya siliva imalanda maelekitironi mwamphamvu kuposa mmene ayoni ya mkuwa imachitira." Manambala nawonso amavomereza. Pa muyeso wa mavoti, ayoni ya siliva (Ag⁺) ili pa +0.80, ya mkuwa (Cu²⁺) pa +0.34, ya chitsulo (Fe²⁺) pa −0.44 ndipo ya zinki (Zn²⁺) pa −0.76. Nambala ikakula, kulanda kumakulanso. Kusiyana kwa mkuwa ndi zinki ndi mavoti 1.10, omwe ndi magetsi a batire limene John Daniell anapanga mu 1836. Mayeso a MANEB amabwera m'Chingerezi, choncho mawu a Chingereziwo alembeni pa bolodi, koma maganizo ake anawo awagwire m'chiyankhulo chawo.

Wophunzira wa Folomu 4 ku Mtunthama akufunsa: "Mkuwa ndi chitsulo kapena ayi? Nanga tikati chitsulo chili pa mndandanda wa zitsulo, sitikubwereza mawu?"

Mwanawe, khutu lako ndi lakuthwa. Pa msika wa Kasungu wogula zitsulo zakutha amatcha chitsulo chilichonse cholira chikagundidwa, kaya ndi waya wa mkuwa kapena poto wa aluminiyamu. Palibe cholakwika pamenepo. M'kalasi ndiye pamafunika kusiyanitsa. Ena amathawira ku "ayironi", koma mawu amenewa ndi "ayoni" amamveka pafupifupi chimodzimodzi pakamwa pathu, ndipo "ayoni ya ayironi" ingazunguze mutu wa aliyense. Uziti "zitsulo" ponena banja lonse, ndipo ponena Fe uziti "chitsulo cha makasu" koyamba, kenako "chitsulo" basi.

Chitsulo cha makasu sichinatenge dzinali mwangozi. Chitsulo cha makasu ndi chimene makolo ankayenga kuno, ndipo zotsalira za ng'anjo zawo zikadalipo m'nkhalango ya Kasungu National Park. Ankatha kutero chifukwa kaboni wa m'makala akaikidwa pa mndandanda uja amakhala pamwamba pa chitsulo, motero amachilanda okosijeni m'moto wa ng'anjo. Aluminiyamu ali pamwamba pa kaboni, makala samutha, ndipo anayamba kutchipa itapezeka njira yomuyenga ndi magetsi mu 1886. Malata a padenga panu ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki. Ngakhale akandike, zinki ndiye amayamba kutaya maelekitironi, chitsulo n'kupulumuka ku dzimbiri mpaka zinkiyo atatha. Ndanena dzimbiri, ndichenjezeretu: usamasulire oxidation yonse kuti "kuchita dzimbiri". Dzimbiri ndi la chitsulo chimene chakumana ndi madzi ndi mpweya. Zinki akamataya maelekitironi m'batire palibe dzimbiri lililonse.

Funso lomaliza ndi la mayi wina wa ku Chamama amene amathandiza mwana wake kuwerenga madzulo: "Tiziti ayoni ali kapena ayoni ili?"

Mayi, "a" wa kumayambiriroyo ndiye amanyenga, chifukwa amamveka ngati wa "ana" kapena "atsikana". Pa mawu amenewa "a" ndi wa tsinde, monga pa "adiresi". Tiziti ayoni imodzi ili, maayoni awiri ali, monga timanenera ofesi imodzi, maofesi awiri. Atomu ndi elekitironi zimayenda njira yomweyo: maatomu, maelekitironi. Zinki, siliva ndi golide amatsata gulu la shuga ndi fodya, choncho timati zinki uyu wasungunuka, golide wake ndi wodula. Mkuwa ndi mtovu ali m'gulu la mtengo ndi munda: mkuwa uwu wafiira, mtovu umalemera.