Funsani Tiyankhe: Kodi za mafoni ndi miyoyo ya anthu amaphunzira kuyunivesite?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndalemba MSCE chaka chino. Kwathu kuno ku Lizulu ogula kachewere ambiri akulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, koma amayi ena akukanabe, akuti ndalama ya pafoni siigwirika m'manja. Chidwi changa chili pa zoterezi, osati kukonza makompyuta. Kodi maphunziro ake alipo? — Mtsikana wa ku Lizulu, Ntcheu

YANKHO: Alipo, chemwali, ndipo makomo ake ndi awiri. Mukhoza kulowera ku Information Systems kapena ICT, maphunziro a kagwiritsidwe ntchito ka makompyuta ndi mafoni, zomwe amaphunzitsa ku UNIMA ku Zomba, ku MUBAS ku Blantyre ndi ku Mzuni. Apa masamu ndiwo chipata. Khomo lina ndi Sociology, maphunziro a kakhalidwe ka anthu, ku UNIMA, komwe mungadzasankhe za mafoni pa kafukufuku wa chaka chachinayi. Kulikonseko mufunika makirediti 6 a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo mafomu amadutsa ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite.

Ife tinganene kuti ngati masamu akukuyenderani, tengani khomo loyamba. Mwachitsanzo, wodziwa mmene DHIS2, pulogalamu yomwe unduna wa zaumoyo umasungiramo ziwerengero, imagwirira ntchito, amamvetsa msanga chomwe chachedwetsa lipoti la mlangizi wa zaumoyo: netiweki, batire, kapena fomu yovuta kudzaza.

Pomwe ophunzira ambiri amagwa ndi pa kafukufuku. Amafunsa kuti "pakhomo pano pali foni?", mayi ayankha kuti ilipo, iwo alemba. Chonsecho foniyo ili m'thumba la bambo amene apita ku Tsangano, ndipo nambala yachinsinsi akuidziwa okha. Funsani motere: SIM inalembetsedwa m'dzina la yani? Munaigwira liti komaliza? Mumatchaja kuti, pa ndalama zingati? Ejenti akakhala alibe ndalama zoti mutape, mumatani? Musatumize mafunso pa WhatsApp pokha, chifukwa a mafoni amabatani, omwe nkhani yawo ndiyo mukuifuna, sakuyankhani.

Musanalowe m'mudzi, tengani chilolezo ku komiti ya kafukufuku ya sukulu yanu, mudutse kwa DC ndi kwa amfumu. Yesani kaye mafunsowo pa anthu 10, m'Chichewa, kuti muone ovuta kumva. Aliyense avomere yekha musanamujambule mawu, ndipo maina ndi manambala musunge padera ndi mayankho. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2024, likukhudzaninso.

Pakadali pano, gulani kope. Tsiku lamsika khalani pafupi ndi ogulitsa, muzilemba zomwe zikuchitika malonda akafika polipira.