Mapenti atatu ooneka ofanana: ndisankhe uti?

Mayi wina wanditumizira imelo. Akufuna kupenta pabalaza, ndipo ali ndi timakadi titatu ta mitundu ya penti: woyera ngati mkaka, wotuwirako pang'ono, ndi wa kirimu. Akuti m'sitolo mapentiwa ankaoneka ofanana, koma atafika kunyumba wina wayamba kuoneka wachikasu, wina wobiriwira. Akufunsa kuti atani.

Mayi, maso anu sakukunamizani. Penti aliyense wowala amakhala ndi kamtundu kena kobisika mkati mwake: kachikasu, kapinki, kabuluu kapena kobiriwira. Kamtundu kameneka ndi kamene kamatulukira penti akakhala pakhoma lonse. Kuti mukaone, tengani pepala loyera mbee, muyale timakadi tanu pamwamba pake. Amene mumamuyesa woyera uja mwina mudzamuona akufiirira.

Koma kakhadi ndi kakang'ono kwambiri, ndipo mitundu imene mumaona pafoni musaikhulupirire n'komwe. Gulani timabotolo toyesera, mupake penti aliyense pa katoni yake yaikulu, kawiri, muyembekeze aume, chifukwa wauwisi ndi wouma saoneka mofanana. Ine ndinapakapo mitundu itatu moyandikana pakhoma lachikasu, ndipo yonse inaoneka yabuluu chifukwa cha khoma lakale lija. Ndinasankha molakwika, mpaka ndinapentanso chipinda chonse.

Makatoni ajawo muziwasuntha. M'mawa pafupi ndi zenera, masana pakona pamene pamakhala mdima, usiku mutayatsa magetsi. Babu lolembedwa 2700K (nambala yosonyeza mtundu wa kuwala kwake) limawala mwachikasu, ndipo kirimu amaoneka wachikasu kwambiri. La 6500K limawala moyera mokhala ngati buluu, ndipo wotuwa uja amatengako kabuluu. Ngati kunja kwa zenera kuli mtengo wamasamba ambiri, khoma lidzatengako kubiriwira.

Yang'ananinso nambala ya LRV, imene makampani ambiri amalemba kuseli kwa kakhadi. Imayambira pa 0 kufika pa 100, ndipo ikakhala yaikulu ndiye kuti pentiyo amabweza kuwala kochuluka. Chipinda cha zenera laling'ono chimafuna wa nambala yaikulu.

Pomaliza, tsamiritsani katoni iliyonse pansi, igundane ndi matailosi anu ndi mpando waukulu. Munati matailosiwo ndi abulawuni. Ine ndikanayamba kuchotsa wotuwa uja, chifukwa pafupi ndi bulawuni amaoneka ngati khoma lada. Pa awiri otsalawo, siyani makatoni masiku atatu, muone amene sakukuvutitsani m'maso dzuwa likamalowa.