Fomu ikafunsa "discipline", ikufuna chiyani?

Mayi wina wa ku Dedza wandilembera motere: "Mwana wanga wamwamuna anakhoza bwino MSCE ndipo akufunafuna thandizo la fizi kuti akaphunzire zaulimi. Pa fomu ya bungwe lina panali kabokosi kolembedwa kuti discipline, iye n'kulembamo kuti good. Fomuyo aibweza, ati pamenepo sanayankhe bwino. Mtima wanga uli m'mwamba chifukwa ali Folomu 3 anamuimitsa sukulu masabata awiri atamupeza ndi foni. Kodi kapena amva za mlandu umenewu?"

Mayi, khazikani mtima pansi. Kabokosi kameneko sikakufunsa za khalidwe la mwana wanu, ndipo foni ya ku Folomu 3 ilibe malo pa nkhaniyi. Akufuna kudziwa nthambi ya maphunziro imene mnyamatayo akufuna kukatenga. Yankho lake linali liwu limodzi lokha, Agriculture, kapena dzina lonse la pulogalamu imene anasankha.

Musamukalipire. Kwa zaka zinayi za kusekondale, liwu limeneli ankalimva pa asembule, likutuluka pakamwa pa ahedi atakwiya, kapena likutchulidwa pamodzi ndi komiti imene imaitana makolo mwana akalakwa. Kwa iye disipulini ndi kupisira malaya, kufika belu lisanalire, kutchetcha udzu kuseri kwa ofesi ukachedwa. Palibe anamuuzapo kuti ku yunivesite liwu lomweli limatanthauza china, kuti zamalamulo, zaumisiri, zaunamwino ndi zaulimi, iliyonse payokha imatchedwa discipline.

Matanthauzo awiriwa anachokera pa tsinde limodzi. Mu Chilatini, chilankhulo cha Aroma akale, wophunzira ankatchedwa discipulus, ndipo zimene wophunzirayo ankalandira kwa mphunzitsi wake zinali disciplina. Liwulo linkanyamula zonse pamodzi: nzeru zimene ukupatsidwa, kaphunzitsidwe kake, ndiponso mwambo woyenera kuusunga kuti nzeruzo zikukhale. Liwu la Chingerezi loti disciple, limene m'tchalitchi timamva ngati ophunzira a Yesu, ndi mbale wake wa bere limodzi.

Ku England liwuli linafika kudzera m'Chifalansa. Kuyambira mu 1066, pamene William wa ku Normandy analanda dzikolo, Chifalansa chinakhala chilankhulo cha mafumu ndi mabwalo a milandu kwa nthawi yaitali, ndipo mawu ambirimbiri analowa m'Chingerezi panjira imeneyi. Pamene discipline linkayamba kuoneka m'zolemba za Chingerezi m'zaka za m'ma 1200, linali liwu la amonke, ndipo linkanena za chilango chimene munthu ankadzipatsa polapa machimo. Ngakhale kamkwapulo kazingwe kamene ena ankadzikwapula nako kankatchedwa dzina lomweli. Choncho tanthauzo limene mwana wanu amalidziwa ndi lakale ndithu. Koma m'masukulu aakulu a nthawi imeneyo, monga Paris ndi Oxford, ankaphunzitsa mu Chilatini, ndipo kumeneko disciplina sinasiye kutanthauza phunziro. Galamala, masamu, nyimbo, za nyenyezi, lililonse linali disciplina yakeyake. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1300, tanthauzo limeneli nalonso linali litakhazikika m'Chingerezi, ndipo ndi limene lili pa fomu yanuyo lero.

Ife eni Chichewa tisadabwe nazo, pakuti tili nalo liwu loyenda chimodzimodzi. Anamkungwi akamalanga anamwali, amakhala akuwaphunzitsa za moyo wa uchikulire. Koma woweruza akalanga wakuba, ndiye kuti wamutumiza kundende. Pa mneni yemweyu panachokera chilango, panachokeranso malangizo, mpakanso mlangizi, amene mwana wanu angadzakhale akamaliza zaulimi n'kumayendera alimi ndi njinga yamoto. Makolo athu ankaona kuti kuphunzitsa munthu ndi kumuwongola akakhota ndi ntchito imodzi, ndipo Aroma ankaonanso choncho. Ine ndimakonda kuyambira pamenepa pofotokozera ana, chifukwa akangomva za kulanga, discipline saliiwalanso.

Nanga adzadziwa bwanji tanthauzo loyenera akadzakumana nalonso? Adzakumana nalo ndithu, makamaka pofunsira ntchito. Aziyang'ana mawu oyandikana nalo. Likakhala ndi academic, related kapena relevant kutsogolo kwake, kapena likachulukitsidwa n'kukhala disciplines, nkhani ndi ya maphunziro. Chimodzimodzi multidisciplinary team, limene ndi gulu la anthu ophunzira zosiyanasiyana, monga dokotala, namwino ndi katswiri wa zakudya akugwirira limodzi ntchito. Koma akaona self-discipline, akufuna munthu wodziletsa, wosachita kumuimirira. Ndipo disciplinary action kapena disciplinary hearing ndi za mlandu ndi chilango basi.

Pali chiganizo china chimene ndikufuna achisunge, chifukwa chimagwetsa ulesi achinyamata ambiri. M'nyuzipepala mumaona malonda a ntchito onena kuti akufuna digiri ya phunziro lakutilakuti "or any related discipline". Olemba ntchitowo akutanthauza kuti amene anaphunzira zoyandikana nazo nayenso alembe kalata. Munthu wa digiri ya zachuma chaulimi asadzichotse yekha pa ntchito yofuna digiri ya zachuma. Zimandipweteka kumva mnyamata kapena mtsikana atasiya kufunsira ntchito imene akanaitha chifukwa dzina la digiri yake silikufanana ndendende ndi lomwe lalembedwa. Alembe, ndipo m'kalatamo atchule makosi amene anatenga okhudzana ndi ntchitoyo, kuti wowerenga asachite kulota kuti kuyandikanako kuli pati.

Tibwerere ku fomu ija. Apemphe ina yatsopano lero lomwe, asadikire kuti tsiku lomaliza liyandikire, ndipo asafufute ndi cholembera pa yakaleyo. Ngati ali kale ndi kalata yomuitana ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR kapena kwina kulikonse, akopere dzina la pulogalamu monga momwe lalembedwera m'kalatamo, chilembo ndi chilembo. Ngati malo sanapatsidwe, alembe nthambi imene anaika poyamba posankha maphunziro, kuti mapepala ake onse azinena chimodzi. Asanaipereke, aitengere kwa mphunzitsi wake wakale wa Chingerezi kuti aione yonse, chifukwa pa mafomu otere pamakhalanso mawu ena onyenga ngati lomweli. Faculty ndi limodzi mwa iwo, ndipo pamenepo amafuna gawo la yunivesite limene pulogalamuyo ili.

Za kuimitsidwa sukulu kuja, sindikuuzani kuti mukubise. Mafomu ena amafunsadi mosapsatira ngati munthu analandirapo disciplinary action. Funso limenelo likakhalapo, anene zoona m'mizere iwiri: chimene chinachitika, chaka chake, ndi kuti anabwerera m'kalasi n'kumaliza bwino. Bodza likadzaululika limatayitsa malo amene foniyo sikanatayitsa. Ngati funsolo palibe, palibenso chifukwa choitchulira nkhaniyo. Chimene mungachite inu monga mayi ake ndi kupita naye kusukulu yake yakale kukapempha kalata ya umboni wa khalidwe lake m'zaka zomaliza, isainidwe ndi kudindidwa, ikhale m'envulopu imodzi ndi zotsatira za MSCE.