Injini ya rotary: bwanji imamwa mafuta chonchi?

Mmodzi mwa owerenga wandilembera imelo, akuti waona kuti makompresa ambiri a air conditioner ndi a rotary ndipo amatha zaka osavuta, nde akufunsa kuti nanga injini ya galimoto ya rotary inakanikiranji kufala chikhalirecho ilibe mapisitoni, ilibe mavalavu, zoyenda mkatimo nzochepa. Zikomo achimwene, nkhani imeneyi ndimaikonda kwambiri.

Kusiyana kwake ndi moto. Kompresa imangopanikiza gasi basi, pomwe injini imayenera kupanikiza kenako kuyatsa, ndipo mavuto onse amayambira pomwepo.

Mu injini ya rotary, yomwe imatchedwanso Wankel, muli rotor ya makona atatu yomwe imazungulira mkati mwa housing (chibokosi cha injiniyo), mbali iliyonse ikuchita yake, ina ikukoka mpweya, ina ikupanikiza kapena kuyaka, ina ikutulutsa utsi. Rotor ikazungulira kamodzi shafiti imakhala yazungulira katatu, poti mulibe zokwera nkutsika ngati mapisitoni injiniyi imayenda myaa osanjenjemera, ndipo galimoto ya Mazda RX-8 inkafika 9,000 rpm ndi injini ya malita 1.3 okha. Mpaka apa zonse nzabwino.

Koma taonani malo oyakira motowo. Mu injini ya pisitoni ndi kamalo kophatikizana, moto ukayaka umafika paliponse msanga. Mu rotary ndi kampata katali kopyapyala komanso kakuyenda, nde kutentha kwambiri kumangothawira mu chitsulo mmalo mokankha rotor, ndipo mafuta ena otsalira kumbuyo kwenikweni moto suwafikira, amatuluka osapsa kupita ku ekizosi. Mazda inaika mapulagi awiri pa rotor iliyonse kuti izi zichepe, zinathandiza ndithu koma mawonekedwe a kampatako simungawasinthe, mukawasintha ndiye kuti si Wankel-nso. Ine ndimaona kuti vuto lenileni ndi limeneli, kuposa la ma seal lomwe aliyense amathamangira kutchula.

Ma apex seal nawo si masewera ayi. Ndi tizitsulo ta pansonga zitatu za rotor totseka mpata kuti mpweya usathawe, timakhula khoma nthawi zonse, tikudutsa mbali yozizira yolowera mpweya kenako mbali yamoto, chifukwa mu injini imeneyi mbali imodzi imangokhala yotentha ndipo inayo yozizira. Kuti tisadyeke msanga pali kapampu komwe kamathira oyilo dala mkatimo, oyiloyo amapsa limodzi ndi petulo. Choncho rotary ikamadya oyilo pang'onopang'ono si kuti yafa, inapangidwa choncho, kungoti utsi wake umavuta kukhoza malamulo a utsi.

Felix Wankel ndi kampani ya NSU ku Germany analiza injini yoyamba mu 1957. Mu 1967 NSU inatulutsa Ro 80, galimoto yokongola zedi, koma ma seal ankatha msanga ndipo kusinthira makasitomala mainjini pa waranti kunaifoola kampaniyo, pofika 1969 inali italowa mmanja mwa Volkswagen nkuphatikizidwa mu Audi. Mazda yokha ndi yomwe inalimba mtima, gulu la Kenichi Yamamoto linalimbana ndi mikwingwirima yomwe ma seal ankasiya pakhoma mpaka Cosmo Sport inatuluka mu 1967 momwemo. Kukwera mtengo kwa mafuta mu 1973 kunawapweteka kwambiri koma sanasiye, mu 1991 galimoto yawo 787B ya ma rotor anayi inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans. RX-8 inasiya kupangidwa mu 2012.

Mwafunsanso ngati ili ndi tsogolo. Ine ndikuti eya, koma osati yopalasa matayala mwachindunji. Rotary imawononga mafuta kwambiri ikamangoima nkunyamuka mu trafiki, koma ikamalira pa liwiro limodzi losankhidwa bwino imachitako bwino, komanso ndi yaying'ono ndi yopepuka. Ndi zomwe Mazda inachita mu 2023 pa MX-30 R-EV, rotor imodzi ya 830cc yongopukusa jenereta kuti itchaje batire, matayala nkumayendetsedwa ndi mota ya magetsi.

Ngati mukuganiza zogula RX-8 yakale, musalipire musanayezetse compression (mphamvu yopanikizira mpweya) ndi chida cha rotary chenicheni chomwe chimawerenga mbali zitatu zonse za rotor, ndipo muilize ili yotentha, ikamavuta kulira itatentha dziwani kuti ma seal atopa.