Akatsekeredwa ndi chipale pa N3

Achemwali, mwafunsa chochita poti bambo akunyumba sakuyankha foni chinyamukireni ku Durban pa thiraki, kwinaku chipale chofewa chikugwa. Mtima m'malo kaye. Pa Van Reenen, pakati pa Ladysmith ndi Harrismith, msewu wa N3 umatsekedwa chipale chikachuluka. Mu Seputembala 2024 madalaivala ambiri anachezera pamsewu pomwepo. Mwina batire la foni langotha basi.

Imbirani kuofesi kwawo, makampani ambiri amaona pakompyuta pamene thiraki yaima. Mukawapeza bambowo, musawafulumizitse, katundu adikire. Aime, afunde mabulangeti. Akaliza injini kuti amve kutentha, atsegule windo pang'ono, utsi uja umapha munthu ali m'tulo. Mbaula m'katimo ayi, chonde.