Kochi amene walemba imeloyo si amene adzasankhe woima pagolo

Bambo wina wa ku Harare wandilembera kuti mwana wawo wamkazi, amene amagwira pagolo pa timu ya hockey ya kusukulu kwawo, walandira imelo kuchokera kwa kochi wothandizira wa koleji ina ku America. Pamndandanda wa akuluakulu a timuyo pali maina angapo, ndiye akufunsa kuti mwa anthu onsewa, woyenera kulankhula naye ndi uti.

Bambo, funso lanuli landikhudza, chifukwa apa m'pamene makolo ambiri amaterereka. Imelo ija imabwera yokoma ngati uchi, banja lonse n'kuyamba kale kuwerengera mtengo wa tikiti ya ndege. Koma amene wailembayo ntchito yake ndi yomweyo, yosaka osewera. Amaonera mavidiyo, amayendera mipikisano, ndipo akhoza kulembera agoloboyi angapo nthawi imodzi, ena a ku Netherlands, ena a ku England kapena Germany. Sakunama ayi, mwana wanu wamusangalatsadi. Kungoti chikwama cha ndalama sichili m'manja mwake. Wogawa sikolashipi, ndiponso wosankha osewera 11 oyamba masewera, ndi kochi wamkulu.

Ndipo othandizirawa sakhalitsa. Ambiri ndi achinyamata amene angosiya kusewera, malipiro awo ndi ochepa, ndiye mpata wabwino ukapezeka kwina amanyamuka. Makochi aakulu ndiwo amazika mizu. Karen Shelton anakhala pa University of North Carolina kuyambira 1981 mpaka 2022, n'kutenga chikho cha NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji ku America, ka 10. Missy Meharg anayamba kutsogolera Maryland mu 1988. Beth Anders anatenga zikho 9 ndi Old Dominion. Pamalo ngati pamenepo othandizira amabwera n'kupita, koma kasewere ka timu n'ka mwini mpando. Komabe nawonso amachoka: Shelton atapuma, mpando unapita kwa Erin Matson mu January 2023, ali ndi zaka 22 zokha, atangomaliza kusewera m'timu yomweyo. Chaka chomwecho anatenga chikho atagonjetsa Northwestern pa shootout.

Shootout imeneyi ndiyo ikundibweretsa pa mwana wanu. Masewera akathera ofanana mphamvu ngakhale pa nthawi yowonjezera, wosewera amanyamuka ndi mpira pa mzere wa mamita 23, ali ndi masekondi 8 oti agoletse, ndipo kutsogolo kwake kuli goloboyi yekhayekha. Goloboyi amene sanaphunzitsidwe amagona pansi msanga, winayo n'kungomuzungulira. Wophunzitsidwa amatuluka mofulumira, n'kuchepetsa liwiro akamayandikira, amakhalabe chilili, n'kumukankhira mnzakeyo kumbali mpaka masekondi atathe. Zimenezi kochi wa osewera pakati sangaziphunzitse bwino. Ine ndikunena mosapsatira: koleji imene ilibe munthu wodziwa za pagolo musaiganizire n'komwe, ngakhale itakhala ndi zikho zodzaza kabati.

Mukafika pabwalo lopanda munthu wotereyu mudzaona zomvetsa chisoni. Agoloboyi awiri avala zida zawo zonse, chisoti, zotchinga miyendo, zophimba nsapato, n'kumangoponyerana mpira pakona okhaokha. Kenako amaitanidwa kuti adzaime pagolo anzawo akamayeserera kumenya. Pamenepo sakuphunzira, angosanduka chandamale.

Pa penalty corner, mwayi umene timu imapatsidwa oteteza akalakwa pafupi ndi golo lawo, m'pamene timu imaonekera ngati ili ndi aphunzitsi kapena ayi. Oteteza amaloledwa 5 okha kuseri kwa mzere, kuphatikizapo goloboyi. Mpira umakankhidwa kuchokera pamzere wakumapeto, uyenera kutuluka kaye kunja kwa D (malo ozungulira a kutsogolo kwa golo), wina n'kuuimitsa, kenako n'kuwombera. Ukamenyedwa koyamba suyenera kulowa pagolo utakwera kupitirira thabwa la mamilimita 460, koma wa drag flick, wochita kukokedwa ndi ndodo n'kuponyedwa osati kumenyedwa, ukhoza kukwera mpaka pamwamba. Ndiye goloboyi ali ndi kanthawi kochepa kwambiri kosankha: agone motchinga thabwa kapena aime. Akagona pamene kukubwera flick, mpira umamudutsa pamwamba. Kusankha kumeneku sikuchita kulota. Pali wothandizira amene wakhala usiku akudula vidiyo ya timu inayo, n'kuwerenga kuti makona awo ambiri amapita kuti, amamenya ndani, ndipo wothamanga woyamba atseke mbali iti. Funsani kuti munthu ameneyo ndani, komanso ngati amakhala pansi ndi agoloboyi.

Ndipatukeko pang'ono, pakuti pali dzina lina limene limasokoneza anthu. Athletic trainer si wophunzitsa masewera olimbitsa thupi. Ndi wazachipatala: amamanga akakolo, amayeza wosewera amene wamenyedwa m'mutu, ndipo iyeyo pamodzi ndi dokotala wa timu ndi amene amanena ngati mwana wachira. Kochi wamkulu alibe mphamvu pamenepo, ndipo ndi bwino choncho. Wa zonyamula zitsulo ndi wina, nthawi zambiri amagawana ndi matimu ena a pakolejipo. Goloboyi amafunika ndondomeko yakeyake ya m'chiuno ndi m'ntchafu, osati kumangothamangitsidwa mitunda pamodzi ndi osewera pakati. Sizoni ya kumeneko ndi yaifupi koma yothinana, kuyambira August mpaka November, kawirikawiri masewera awiri pa sabata, ndiye kamnofu kakang'ono kakakoka, theka la sizoni lapita.

Malamulo a NCAA amati ntchito za timu zisapitirire maola 20 pa sabata ndi maola 4 pa tsiku, komanso pakhale tsiku limodzi lopuma. Koma nthawi ya ulendo ndi ya kuchipatala sizili m'chiwerengerocho, choncho mlangizi wa maphunziro wa osewera ndi wofunika kuposa mmene dzina lake limamvekera.

Za ndalama

Kwa zaka zambiri timu ya Division I, gawo lapamwamba la NCAA, inkaloledwa masikolashipi 12 okha, ogawana osewera oposa 20, ndiye ambiri ankalandira chidutswa chabe. Malamulowa anasintha mu 2025 kwa makoleji ena, koma chizolowezi chogawa zidutswa chikadalipo, chifukwa hockey si masewera obweretsa ndalama. Ku Division III, gawo lachitatu, ndi ku Ivy League, gulu la makoleji ena otchuka, kulibe sikolashipi ya masewera, thandizo limadutsa ku ofesi ya zachuma ya koleji. Mawu a pafoni akuti "tidzamuthandiza" sakumanga aliyense. Chomanga ndi chikalata chosainidwa. Fomu ya I-20 yofunsira viza ya F-1 imachokera ku ofesi ya ophunzira akunja, osati kwa kochi, ndipo magiredi ake amayenera kudutsa ku NCAA Eligibility Center ngati akupita ku Division I kapena II.

Chinanso, pagolo pamaima munthu mmodzi. Osewera ena amalowa n'kutuluka kangapo m'zigawo 4 za mphindi 15, koma goloboyi sasinthidwa wambawamba. Ngati amene ali pagolo pano ali m'chaka choyamba, mwana wanu akhoza kutenthetsa benchi zaka 3. Komanso kochi akhoza kutenga goloboyi wodziwa kale kuchokera ku koleji ina kudzera pa transfer portal, mndandanda wa osewera ofuna kusintha koleji.

Ndiye chitani izi. Mwanayo ayankhe yekha imeloyo, osati inu, ndipo atumize vidiyo ya masewera athunthu, osati zidutswa zokongola zokha. Apemphe kulankhula ndi kochi wamkulu pavidiyo. Afunse kuti agoloboyi alipo angati ndipo ali m'zaka ziti, amawaphunzitsa ndani ndiponso masiku angati pa sabata, sikolashipiyo ndi ya chaka chimodzi kapena zonse 4, komanso ikulipira chiyani pakati pa fizi, malo ogona, chakudya ndi inshulansi ya chipatala. Akatero apemphe kucheza ndi goloboyi wachiwiri wa timuyo, makochi palibe. Inuyo, bambo, mulowepo nkhani ikafika pa chikalata.